Kwa mayi amene mwana wawo wauzidwa kuti abwereze Sitandade 4

Mayi, mwati mwana wanu wamaliza Sitandade 4 koma satha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha pa golosale, ahedi akuti abwereze, ndiye mukufunsa ngati aphunzitsi a masiku ano timaphunzitsadi kapena timangodikira kutha kwa mwezi. Ine ndine mmodzi mwa iwo. Ndagwira choko zaka 16 kuno ku Nkhotakota, cha ku Dwangwa, ndipo zaka zambiri ndakhala ndi tiana ta Sitandade 1 ndi 2. Alipo anzathu aulesi, sindingawabise, koma ndiloleni ndikuuzeni kumene mwana wanuyo anatayikira.

Sanatayikire mu 4 ayi. Anatayikira mu 1, kalasi imene makolo ambiri saipondako n'komwe. Chaka chathachi rejisitala yanga inali ndi mayina 137, pamene boma limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Kungoitana mayina, "ndilipo", "ndilipo", piriyodi yoyamba yapita. Buku limodzi amaunjikirana anayi, awiri akuliona chozondoka. Mwera ukayamba mu June, tchati chomwe ndapachika pa mtengo wa mango chimakagwera ku bwalo la mpira. Ndikati "ba be bi bo bu" kalasi yonse imayankha mpaka kumveka kumsewu, koma theka akungotsata pakamwa pa anzawo.

Ndinali ndi kamtsikana kena kochangamuka, kamawerenga tsamba lonse osaphonya, ine n'kumakaombetsera m'manja. Tsiku lina ndinangophimba chithunzi cha nkhuku ndi dzanja n'kuloza mawu. Zii. Kanaloweza tsamba lonse ngati nyimbo ya kwaya, lembo n'limodzi lomwe osalidziwa. Inali teremu yachitatu, ndipo manyazi anagwira ine, osati iko. Ana otere amakwera nawo chigulugulu mpaka mu 4, kumene mabuku amatalika n'kuwaulula.

Kuchuluka kumeneku kunayamba mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, boma n'kulemba aphunzitsi masauzande osapita ku koleji, amene anadzaphunzitsidwa pambuyo kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pa ntchito. Sindinyoza zimenezo, ine ndemwe ndinalowa sukulu chaka chomwecho bambo anga atamva kuti ndi yaulere. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinawapezebe anawo mpaka lero. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ife tomwe pa sukulu: chipinda chabwino, madesiki ndi aphunzitsi odalirika timapereka ku Sitandade 8, chifukwa zotsatira za mayeso a PSLCE ndi zimene a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale) ndi makolo amafunsa. Wa Sitandade 1 akhale pa fumbi. Kenaka tizidabwa kuti a mu 8 akulephera kumva funso.

Mu 2014 kunabwera zoti tiziphunzitsa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mwana woti kwawo amayankhula Chichewa kapena Chitonga, sanadziwe n'komwe kuti "m" ndi "a" zimapanga "ma", ndiye masamu awamvere m'Chingerezi? Ambirife tinkangopitiriza m'Chichewa, Chingerezi n'kumachitulutsa kukabwera alendo. Chimene ndinganene kuti chinathandiza ndi National Reading Programme ya 2016, yoyamba ndi maliwu, kenaka maphatikizo, kenaka mawu. Njirayo imagwira, bola mwanayo akhale kuti alipo.

Apa pokha ndikufunseni inuyo, mayi, osati mwamwano: amajomba kangati? Kuno usipa ukagwa, anyamata amakhala ku doko kuthandiza kuyanika pa thandala. Mpunga ukayamba kucha, ena ali ku dimba kupirikitsa mbalame. Sabata imene wajomba ndi imene anzake aphunzira "nd" ndi "mb", ndipo palibe amene adzamubwerere.

Za kubwerezazo, ine ndingavomere, chifukwa mu 5 maphunziro amalimba ndipo Chingerezi chimachuluka. Koma akangokhalanso kumbuyo komwe kuja osasintha kanthu, mwangomutayira chaka, ndipo akakula msinkhu pakati pa tiana adzayamba kuthawa. Madzulo ano dulani katoni ya sopo, mulembepo ndi khala a, e, i, o, u, musokoneze, aziloza mmodzimmodzi. Akakhoza, lembani "ma", "ta", "ko", kenaka "mano", "dzira". Pamene wakakamira ndi poyambira pake. Mphindi 15 tsiku lililonse nsima ili pa moto zikwanira, koma opanda mkwapulo pafupi, chifukwa mwana wamantha amangolota yankho. Ngati amadziwa malembo pafupi koma pa bolodi ayi, kamuyezetseni maso ku chipatala.

Ena akuti mumusamutsire ku pulayiveti. Ngati thumba likulola, chabwino, koma kaoneni kaye m'kalasimo, muwerenge mitu ya ana, mufunsenso ngati mphunzitsiyo anadutsa ku TTC, koleji ya aphunzitsi. Akakhala pomwepo, sukulu ikatsegulira mu September pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake maso ndi maso, mutatenga makatoni aja, mumuonetse pamene mwana akukakamira, ndipo mumupemphe kuti azimukhazika mzere wa kutsogolo.