Mwanayo ayambe kukwera hatchi, polo abwere pambuyo

Achimwene, mwana wanuyo asathamangire polo, masewera omenya mpira ndi ndodo munthu ali pa hatchi. Ayambe waphunzira kukhala bwino pachishalo ndi kuimitsa hatchi, ndodo ndi mpira zidzabwera mochedwa. Kuno ku Thyolo malo ophunzirira alipo okwanira, misewu ya m'minda ya tiyi ndi yafumbi komanso yofewa ku ziboda, bola mupemphe chilolezo kwa eni esiteti.

Polo ndi tiyi n'zapachibale. Masewerawa ndi akale ku Persia, komwe lero ndi Iran, koma momwe amaseweredwera lero zinachokera ku Manipur, ku India, ndipo azungu olima tiyi ndiwo anakhazikitsa kalabu ku Silchar, ku India komweko, mu 1859. Ya ku Calcutta inatsatira mu 1862. Timu imakhala ya anthu 4, gawo lililonse la masewera ndi mphindi 7, ndipo hatchi imatopa msanga moti wosewera mmodzi amafunika zingapo. Apa ndi pomwe ndalama zimathera.

Ine ndinayamba ndili wamkulu kale. Tsiku loyamba ndinakoka zingwe mwamantha, hatchi inaponya mutu m'mwamba, ndinagwera m'mizere ya tiyi. Chipewa cholimba chomwe ndinavala ndicho chinandipulumutsa, choncho mwana asakwere opanda icho, ngakhale kamtunda kochepa.

Mukafuna kugula hatchi yanuyanu, kaonaneni kaye ndi dokotala wa ziweto. Nthawi ya mvula kumabuka matenda a African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka madzulo, ndipo amapha mofulumira. Adokotalawo akuuzani za katemera ndi mankhwala a nkhupakupa.