Chifukwa chake Gautrain ya ku OR Tambo sifika ku Park Station

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake sitima yothamanga ya Gautrain yochokera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku South Africa imathera ku Sandton osafika ku Park Station ya mu mzinda wa Johannesburg komwe kuli mabasi. Njanjiyi inatsegulidwa mu 2010, ndipo maso anali pa alendo othamangira ku mahotela ndi maofesi a ku Sandton, ulendo wa mphindi pafupifupi 15 basi. Siteshoni iliyonse yowonjezera imadya nthawi, ndipo panjira pali ziwiri zokha, Rhodesfield ndi Marlboro. Ya Marlboro singachoke, chifukwa opita ku Pretoria amasinthira pamenepo.

Inuyo tsikirani ku Sandton, kokani chikwama chanu, mukwere yolowera ku Park. Mukadutsa Rosebank, yotsatirayo mwafika. Kungoti mtengo wochokera ku eyapotiwo umaboola m'thumba, konzekerani.