Utuchi wa kwa kalipentala si wogonekapo makoswe

Mbale wina wogwira ntchito ku Randburg, mu Johannesburg, wandilembera imelo. Abwana ake amaweta njoka, ndipo amupatsa ntchito yoweta makoswe ndi mbewa zodyetsa njokazo. Akuti kwa kalipentala wapafupi amatapa utuchi waulere, ndiye akufunsa ngati angamayale m'makola.

Achimwene, utuchi umenewo usiyeni. Pansi pa benchi ya kalipentala pamagwa zilizonse: fumbi la chipboard ndi MDF (matabwa opangidwa pomata tizidutswa ta mitengo) lomwe lili ndi guluu, komanso la matabwa obiriwira aja omwe kuno ku Joni amathiridwa mankhwala a CCA kuti asadyedwe ndi chiswe. Mankhwalawo ali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Khoswe amatafuna chilichonse chomwe wagonapo, ndipo chomwe chalowa m'mimba mwake chimakathera mwa njoka.

Ngakhale thabwa losathiridwa kanthu lili ndi nkhani yake. Fungo lokoma la mkungudza, lija timanyadira pa mabokosi a ku Mulanje, ndi mafuta omwe amapweteka mapapo ndi chiwindi cha tinyamati. Paini wamuwisi ndi chimodzimodzi. Ine ndinaphunzira movutikira: nditayala paini wonunkhira bwino, pasanathe sabata makoswe anayamba kuyetsemula, m'mphuno ndi m'maso mukutuluka zofiira ngati magazi. Si magazi ayi, koma chizindikiro choti nyama sikupeza bwino.

Gulani zopala zikuluzikulu za paini woumitsidwa mu uvuni, zomwe pathumba amalemba kuti kiln-dried. M'masitolo a zakudya za mahatchi zimapezeka. Za mtengo wa aspen n'zabwino koposa, kungoti mtengo wake ndi woboola m'thumba. Tapani dzanja limodzi, muwaze padzuwa. Mukaona fumbi likuuluka, sefani kaye.

Zitsononkho zogaya zimachita chuku zikanyowa. Thonje ayi ndithu, chifukwa ulusi wake umakulunga timiyendo ta ana mpaka kuduka.

Ana a makoswe amabadwa opanda ubweya patatha masiku 21 mpaka 23 mayi atatenga bere, ndipo chisanu cha Johannesburg mu Juni ndi Julayi mukuchidziwa. Apatseni amayi awo mapepala osalembapo ong'ambang'amba, adzimangira okha chisa. Koma musatseke khola lonse poopa kuzizira, mpweya uzilowa. Sinthani zoyala kamodzi pa sabata, pangodya yokodzera pafupipafupi. Mukaweramira m'khola n'kumva mkodzo ukulasa m'mphuno, mwachedwa kale kusintha.