Sakura: maluwa a masiku ochepa amene anthu a ku Japan amawadikira chaka chonse

Mayi wina watilembera imelo kuti: "Mwana wanga akuphunzira ku Tokyo, akuti ndikamuone nthawi ya sakura. Maluwawa ali ndi chiyani, nanga ndipite liti?"

Mayi, ulemu wa sakura wagona pa kusakhalitsa kwake. Kuyambira tsiku limene maluwa oyamba amasula mpaka mtengo wonse kuyera mbee, pamapita pafupifupi sabata imodzi, kenako amayamba kuyoyoka. Kukagwa mvula yamphepo, mawa lake mupeza timasamba ta maluwa tili mbwee pansi, tina tikuyandama pamadzi. Anthu a kumeneko amaonamo moyo wa munthu: wokongola, koma wosachedwa kutha. Mtima wokhudzika chotere amautcha mono no aware.

Mwambo wokhala pansi pa mitengoyi, wotchedwa hanami, ndi wakale. Mfumu Saga inachititsa phwando lotere ku Kyoto mu 812, ndipo mu 1720 Tokugawa Yoshimune, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dzikolo, anabzalitsa mitengo ku Asukayama, dera la mu Tokyo wa lero, kuti anthu wamba nawonso azisangalala. Lero amayala mapepala apulasitiki, kuvula nsapato, nkumadya sakuramochi, tizakudya tampunga totsekemera tokulungidwa m'tsamba la sakura lothiridwa mchere. Sukulu ndi ntchito zatsopano zimayamba mu Epulo, choncho maluwawa amakumbutsanso kutsanzikana ndi kuyamba zatsopano.

Tsopano za tikiti, chifukwa apa mpamene ambiri amalira. Mitengo yambiri ndi ya mtundu wa Somei Yoshino, imene amachulukitsa pomezanitsa. Yonse ndi ngati mtengo umodzi, nchifukwa chake m'dera limodzi imamasula pamodzi nkuyoyokanso pamodzi. Ku Tokyo, a zanyengo amayang'ana mtengo umodzi wa pakachisi wa Yasukuni. Ukaonetsa maluwa 5 kapena 6, amalengeza kuti nyengo yayamba. Kawirikawiri izi zimachitika kumapeto kwa Malichi, koma tsiku limasuntha. Mtengo umafuna kuzizidwa bwino kaye, kenako kutenthedwa, ndiye Febuluwale ndi Malichi kukafunda, maluwa amafulumira. Mwachitsanzo, mu 2021 ku Kyoto anafulumira, nkufika pachimake pa 26 Malichi.

Langizo lathu ndi lakuti mukakhale masiku osachepera 10, kuyambira cha pa 25 Malichi. Mukawaphonya, kwerani sitima kulowera kumpoto: ku Hirosaki amamasula chakumapeto kwa Epulo. Tengani chovala chofunda, madzulo kumazizira. Ndipo chonde, musathyole kapena kugwedeza nthambi, chifukwa bala la mtengo wa sakura silichedwa kuola.