Masiku awiri ku Oslo: muyambire kwa Vigeland

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo sabata yathayi. Akupita ku Oslo, likulu la Norway, kumsonkhano wa ntchito mwezi wa June, ndipo msonkhano ukatha atsala ndi masiku awiri. Akuti m'thumba mulibe zambiri, komanso amva kuti paki yotchuka kumeneko yadzaza ziboliboli za anthu amaliseche. Akufunsa ngati n'koyenera munthu wopemphera kupitako, ndiponso kwina koti n'kukaona.

Mayi, pitani ndithu. Paki imeneyo ndi Frogner Park, ndipo mukakwera tramu (kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda) nambala 12 ikakutsitsani pageti penipeni. Kulowa n'kwaulere, usana ndi usiku. Muli ziboliboli zoposa 200, zamkuwa ndi zamwala, ndipo zonse ndi ntchito ya munthu mmodzi, Gustav Vigeland, yemwe adamwalira mu 1943. Mzinda udamumangira nyumba yogwiriramo ntchito, iye n'kuupatsa zonse zomwe adapanga.

Zoti anthuwo sadavale ndi zoona, sindikubisirani. Koma mulibe zolaula. Chomwe mukaone ndi moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda: bambo akuseweretsa mwana, mayi akukwawa ana atamukwera pamsana, nkhalamba ziwiri zitatsamirana. Pakasupe wamkulu pali mitengo yamkuwa yokhala ndi anthu m'nthambi, woyamba khanda, wotsiriza mafupa okhaokha. Ine ndidakhala nthawi yaitali pafupi ndi ziboliboli za amayi okalamba, khungu litakwinyika, mapewa atagwa, ndipo ndidakumbukira agogo anga akuwotha dzuwa pakhonde. Akadawaveka masuti ndi madiresi, akadakhala azungu a nthawi yawo. Momwe alirimo ndi anthu basi, ngati inu ndi ine.

Pamwamba pa chitunda pali mwala umodzi wotalika mamita oposa 14, wosemedwa anthu 121 okwerana kulunjika kumwamba. Amisiri atatu adaugoba zaka 14. Pamlatho mukapeza kamnyamata kolusa, Sinnataggen, kakupondaponda pansi. Dzanja lake likuwala chifukwa chogwidwagwidwa ndi alendo, ndipo oyang'anira amapempha kuti anthu asiye, choncho inu mungojambula. Pakiyi muipatse m'mawa wonse, musathamange.

Masana mutsikire kunyanja. Linga la Akershus lidayamba kumangidwa cha m'ma 1300, nthawi ya mfumu Håkon V, ndipo kuyenda m'bwalo lake sikulipira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Germany adalilanda kuyambira 1940 mpaka 1945, ndipo anthu ena omwe ankawakaniza adaphedwera pomwepo. Muli nyumba yosunga mbiri imeneyi, ndiyo yokha yomwe ndingakulimbikitseni kulipira tsiku limenelo. Chapafupi pali City Hall, kumene amaperekera mphotho ya mtendere ya Nobel pa 10 December chaka chilichonse. Nelson Mandela adalandirira momwemo mu 1993. Mukadali ndi mphamvu, kwerani padenga la Opera House, anthu amayenda pamwamba pake mwaulere.

Tsiku lachiwiri kwerani boti kutsogolo kwa City Hall kupita ku Bygdøy, kapena basi nambala 30. Ku Norsk Folkemuseum adasonkhanitsa nyumba zakale zochokera m'madera osiyanasiyana a dzikolo, zina zofolera ndi dothi lomera udzu. Poti ndinu wopemphera, musaphonye tchalitchi chamatabwa chochokera ku Gol, chomangidwa cha m'ma 1200, chakuda ndi phula, chamdima mkati. Nyumba yosunga ngalawa za ma Viking, anthu akale a kumeneko oyenda panyanja, idatsekedwa mu 2021 kuti aikulitse, ndiye fufuzani kaye musanayende ulendo wapachabe. Munda wa zomera ku Tøyen, womwe udakhazikitsidwa mu 1814, ndi waulere ndipo ndi wabwino kupumirako madzulo.

Chakudya cha m'malesitilanti ndicho chingakumalizireni ndalama. Gulani buledi, tchizi ndi zipatso m'sitolo, mukadyere pakapinga monga amachitira eni dziko. Madzi apampopi ndi abwino kumwa, tengani botolo. Juzi musaisiye ngakhale kuli chilimwe, mphepo yapanyanja imazizira. Mu June dzuwa limalowa 10 koloko usiku itapitirira, choncho mukafuna kubwereranso ku Frogner anthu atachepa, pitani mukatha kudya chamadzulo, kukadali kowala.