Yankho kwa achimwene amene mathalauza akuwagwa chifukwa chochepetsa thupi

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalemba mu gulu lathu lino. Mwati a kuchipatala atakuuzani za BP mudayamba kuchepetsa thupi, mumkavala 40, pano 38 ikukhwepa m'chiuno pomwe 36 ikukana kudutsa m'ntchafu, ndipo mwatopa n'kutaya ndalama pa mathalauza ongovala mwezi umodzi. Ndaona ena akuyankhani kuti mangani lamba basi, ena akuti gulani a mphira m'chiuno. Ine ndine telala, ndimasokera cha ku Mayfair kuno ku Joni, ndipo ntchito yobweza mathalauza ndi imene imandidyetsa kuposa kusoka zatsopano. Ndiye mundilole nditalikitseko.

Vuto lanu si thupi lanu ayi. Nambala ya pa thalauza la amuna imanena mainchesi a m'chiuno, ndipo mashopu ambiri amadumpha awiriawiri: 34, 36, 38, 40. Kuchoka pa 38 kufika pa 36 ndi masentimita 5. Palibe munthu amene amagona ali 38 n'kudzuka ali 36. Pamakhala masabata angapo, mwina miyezi, muli pakati, pamene shopu ilibe kanthu kanu. Chinanso, nambala ija imangokamba za chiuno chokha. Za ntchafu ndi matako sinenapo. Mafuta nawonso sachoka mofanana thupi lonse, ndipo inu simungawasankhire poyambira. Amuna ambiri mimba ndiyo imayamba kuphwa ntchafu zikadali momwemo, makamaka ngati mukuyenda kwambiri kapena mukunyamula zitsulo. Ndiye 36 amene wakukanani uja n'kutheka chiuno chake chikukukwanani kale, koma adadulidwira mnyamata wa miyendo yowonda. Yang'anani kachikwangwani kam'kati. Pakalembedwa slim kapena skinny, libwezereni pomwe mwalitenga. Funani regular, straight kapena relaxed.

Komanso 36 wa shopu ina si 36 wa shopu ina. Mutenge mmodzi ku Mr Price, wina ku Woolworths, wina ku China Mall, muwayale pabedi mowasanjikiza, muona okha kuti akusiyana. Fakitale iliyonse ili ndi patani yake. Kwa azimayi a mu gulu lino nkhani ndi yosokoneza kuposa apa, chifukwa 36 wa chizimayi kuno ku South Africa ndi uja ena amalemba 12, ndipo 38 ndi 14. Sakugwirizana n'komwe ndi mainchesi.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asiye kukhulupirira nambala, agule tepi. Tepi ya telala ndi yotchipa, imapezeka paliponse pogulitsa ulusi ndi singano. Tengani thalauza limodzi limene likukukhalani bwino m'ntchafu lero, ngakhale chiuno chikhale chachikulu. Mangani batani, liyaleni patebulo. Yezani modutsa pantchafu, pansi pang'ono pa mphanda. Yezaninso kuchokera pa mphanda kukwera mpaka pamwamba pa batani. Kenako dziyezeni nokha pamene thalauza limakhazikika, osakoka mimba, osagwira mpweya. Lembani manambala atatuwo mu foni. Mukafika pa Small Street kapena pa dunusa, msika wa kaunjika uja, pafupi ndi Park Station, pamene palibe chipinda choyesera ndipo anthu akukukankhani kumbuyo, mungoyala thalauza padzanja n'kuyeza. Chiuno mukayeza modutsa muchulukitse kawiri.

Ndikudziwa kuti ambiri tidakulira njira ya pa kaunjika ija, yozunguliza chiuno cha thalauza m'khosi, nsonga zikakumana kumbuyo ndiye kuti likwana. Kwa munthu amene thupi lake lidakhazikika imathandizako ndithu. Kwa inu ayi, chifukwa khosi ndi mimba sizitsika limodzi.

Tsopano pachimake penipeni. Gulani thalauza lokwana pamene pali papakulu pa thupi lanu, chiuno musiyire telala. Kwa inu ndiye kuti 38 wokhala bwino m'ntchafu ndi kumbuyo. Kuchepetsa chiuno ndi ntchito yaing'ono. Kukulitsa ntchafu nthawi zambiri n'kosatheka, chifukwa mafakitale a masiku ano sasiya nsalu m'kati mwa msoko, amangodula pafupi n'kupititsa ovaloko, msoko wa m'mphepete woteteza nsalu kuti isasosoke.

Mmene timachitira ndi motere. Timamasula msoko wapakati kumbuyo, kuyambira pa lamba wa thalauza, ndiye kuti nsalu yozungulira chiuno ija, kutsika, n'kusokanso molowa m'kati, pamwamba kwambiri, kumachepetsa pang'onopang'ono potsika mpaka msoko watsopano ukakumane ndi wakale. Mathalauza a suti ndi ena a kuofesi lamba wake amakhala wodulidwa kale pakati kumbuyo, dala, kuti azibwezedwa. Tembenuzani lanu muone. Mukapeza msoko pamenepo, telala aliyense amaliza musanamalize kumwa Fanta. Koma pali malire. Kumbuyo kokha timachotsa mpaka masentimita 5 zinthu zili bwinobwino. Mukapitirira apo matumba akumbuyo amayamba kuyandikirana, ndipo mukaumirira amadzakumana pakati, aliyense woyenda kumbuyo kwanu n'kudziwa kuti thalauzali silinali lanu. Misoko ya m'mbali nayo imathawira kumbuyo, matumba akutsogolo n'kumayasama. Ngati pakufunika kuchotsa zambiri, telala wodziwa amagawa, pang'ono kumbuyo, pang'ono mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndi ntchito yochulukirapo ndipo mtengo wake ndi wina.

Ndiye a 40 anu aja, ngati nsalu yake ndi yabwino, mubwere nawo pano pamene muli cha pa 37 kapena 38, atheka. Mukadzafika pa 34 musadzavutike nawo. Kutsitsa thalauza masaizi atatu n'kulimasula lonse n'kulidulanso, ndipo ngakhale titero, pa mphanda pamalendewerabe chifukwa zipi ndi matumba zidayikidwira munthu wamkulu. Telala amene angakuuzeni kuti atha kutsitsa 40 kufika pa 32 n'kuoneka bwino akungofuna ndalama yanu.

Jinzi ndi nkhani ina. Msoko wake wakumbuyo ndi wopindidwa kawiri, ulusi wake ndi wokhuthala, pakati pali kachingwe kolowetsamo lamba koyenera kuchotsedwa n'kubwezeretsedwa, ndipo pamene nsalu zakumana zambiri singano ya mashini ang'onoang'ono imathyoka. Zimatheka, koma funsani kaye ngati telalayo ali ndi mashini a indasitiriyo ndi ulusi wofanana mtundu. Njira yachidule pa jinzi, imene ineyo ndimaikonda kwa munthu amene akutsikabe, ndi kulowetsa mphira m'kati mwa lamba wakumbuyo. Timaboola pang'ono m'kati mbali ziwiri, kulowetsa mphira, kusokerera. Kunja sikuoneka kanthu mukamanga lamba, ndipo mwezi wamawa mukatsikanso timangokoka mphira uja n'kusokanso. Ena amasoka timadati, timisoko topinda nsalu, tiwiri pamwamba pa matumba. Natonso n'tabwino, bola tikhale tofanana.

Chimodzi muwauze atelala anu mosabisa: asadule nsalu yotsala m'kati. Aipinde, aisite, aisiye. Thupi limabwerera nthawi zina, makamaka mukapita kumudzi pa Khirisimasi kumene aliyense akufuna mudye nsima ya kwake, ndipo nsalu ikakhalamo timangomasula.

Za lamba, amene anena aja sanalakwe kwenikweni. Mabowo a lamba amatalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndiye mabowo awiri ndi saizi imodzi. Kufika pamenepo lamba amagwira ntchito. Kupitirira apo thalauza limakwinyika m'chiuno ngati thumba la makala lomangidwa pakamwa, zipi n'kupindika, malaya n'kumatuluka. Mabowo akatha musaboole ndi msomali wamoto, pitani kwa osoka nsapato, ali ndi chida chake, amaboola mwaukhondo. Kapena gulani lamba woluka uja wopanda mabowo, amene chitsulo chimalowa paliponse. Kwa munthu amene akutsika, lamba ameneyo ndi wanzeru kuposa wachikopa wodula.

Mathalauza a mphira m'chiuno, a chino okhala ndi kachingwe m'kati, alipo ambiri masiku ano ku Pep, Ackermans, Jet ndi kwina, ndipo ena amaoneka aulemu moti mutha kulowa nawo ku ntchito malaya ali kunja. Limodzi lotere n'lofunika. Koma musadzaze nawo wadirobu. Mphira sakuuzani zoona. Mutha kubwezera makilo atatu iye ali chete, pamene thalauza la batani likadakudandaulirani sabata yoyamba. Nsalu yokhala ndi elastane (ulusi wotamuka) pang'ono, 2% kapena kuzungulira apo, imathandiza m'ntchafu, koma imatambasuka mukaivala, ndiye musagule yokhwepa kale.

Pa ndalama ndinene mosapsatira, chifukwa tonse kuno tili ndi lendi ndi anthu kumudzi odikira. Nthawi ino si yogula zovala zambiri kapena zodula. Mathalauza awiri a ku ntchito amtundu wakuda kapena wabuluu wodera, limodzi la kutchalitchi ndi maukwati, jinzi imodzi, zakwana. Palibe amene amawerenga mathalauza akuda a mnzake. Lay-by ya thalauza, ija yolipira pang'onopang'ono musanalitenge, muisiye kaye, chifukwa pomwe muzidzamaliza kulipira thupi lidzakhala litasuntha. Ndipo chonde musagule 32 kuti muzilimbikira nayo. Ndaona anthu ambiri akubwera ndi mathalauza atsopano, mapepala akadali pompo, akuti ndidagula kuti ndikadzaonda ndidzavale. Ena adaondadi koma thalauzalo silidawakhale, chifukwa thupi lidatsika mwa mtundu wina. Mukagula m'shopu sungani silipi, musachotse mapepala mpaka mutaliyesa kunyumba modekha, ndipo funsani pa kauntala masiku obwezera, chifukwa shopu iliyonse ili ndi lamulo lake. Pa dunusa palibe kubweza, koma pamenepo ndi pamene mungapeze nsalu yabwino ya ubweya kapena thonje lolimba pa mtengo woti ngakhale muvale miyezi iwiri simudandaula. Kusoketsa suti ndi nsalu ya ku Oriental Plaza ku Fordsburg, ngakhale ndi ntchito yanga, ndikuti dikirani mpaka sikelo itakhala malo amodzi kwa miyezi itatu kapena inayi.

Mathalauza akuluakulu amene sathekanso kubweza, apatseni ma transporter apite nawo kumudzi, kuli amalume amene awalandira ndi manja awiri. Mungosunga limodzi la saizi imodzi pamwamba.

Pali chifukwa china chimene ndikulimbikira kuti muvale zokukwanani panopa, osadikira mapeto. Ife Amalawi timadziwana. Munthu akaonda sitifunsa kuti mukuthamanga eti, timayamba kunong'onezana kuti kodi achimwene aja ali bwino? Chithunzi chimodzi pa Facebook, foni yochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba yalira kale, amayi akufunsa ngati ku Joni kwavuta. Kwathu kunenepa kumatengedwabe ngati umboni woti munthu zikumuyendera. Tsono munthu yemweyo, makilo omwewo, akavala thalauza lolendewera kumbuyo lokwinyika m'chiuno amaoneka wodwala, akavala lomukwana amaoneka kuti akudzisamala. Ndaona anthu akusiya masewero n'kubwerera ku zakudya zonenepetsa monga kota ndi magwinya chifukwa chotopa ndi mafunso amenewa, pamene chimene chimafunika ndi kungobweza mathalauza awiri. Inu muli ndi BP yoti muithane nayo, musalole chiuno cha thalauza chikubwezeni m'mbuyo.

Kwa ena amene mukuwerenga mwakachetechete: zonsezi ndikunena kwa munthu amene akuchepetsa thupi mwadala. Ngati mathalauza akukugwani inu osasintha kadyedwe, makamaka ngati mukutsokomola kosaleka, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu kwambiri kapena kukodza pafupipafupi, musabwere kwa ine. Pitani ku kiliniki akakuyezeni TB, shuga ndi HIV. Zonsezi zili ndi mankhwala.

Inu achimwene, a zaumoyo amalangiza kutsika theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, ndipo liwiro limenelo ndi labwinonso ku thumba, chifukwa thalauza limodzi limakutumikirani nthawi yotalikirapo. Tepi mwagula ija muziyezeranso mimba, cha pa mchombo, osati pansi pamene lamba amadutsa. Amuna ambiri amavala thalauza pansi pa mimba ndiye nambala ya thalauza imawanamiza. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi wakuti mimba isafike theka la msinkhu wanu. Ngati ndinu wa masentimita 170, ikhale pansi pa 85.

Popita kwa telala, thalauza likhale lochapa, chifukwa thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, komanso ife sitikonda kumasula msoko wa thalauza lovalidwa sabata yonse. Mutenge lamba ndi nsapato zimene mumavalira, popeza chiuno chikakwera pamalo pake miyendo nayo imakwera, ndipo mwina kupinda kwa pansi kufunika kusintha. Musangolisiya n'kunena kuti chotsani mainchesi awiri. Livaleni pompo, telala abaye mapini muli chiimire, kenako mukhale pampando, munjute, mulowetse dzanja m'thumba. Zala ziwiri zizilowa m'chiuno mosavuta. Bwerani masana mutadya, osati m'mawa mimba ili yopanda kanthu. Ndipo ngati mukulifuna Loweruka la ukwati, musabwere nalo Lachisanu madzulo kumapeto kwa mwezi, mudzapeza mulu wa madiresi a anamkungwi ndi operekeza uli patsogolo panu.