Mjigo watsopano kapena wa sola? Yankho kwa achimwene a ku Neno

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Neno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndi la mudzi wawo ndawasiya dala.

"Tilipo anyamata angapo a mudzi umodzi kuno, ndipo takhala tikusonkherana kuti tithandize kwathu pa nkhani ya madzi. Mjigo umene unalipo unafa zaka ziwiri zapitazo, moti amayi athu anabwerera kumtsinje. Ena akuti tikumbe mjigo watsopano, ena akuti tiike wa sola wokhala ndi thanki ndi mipopi, ena akuti tingotumiza ndalamazo kwa amfumu akaone okha chochita. Inu mungatilangize zotani?"

Achimwene, musanatumize ngakhale randi imodzi pa Mukuru, pezani kaye yankho la funso ili: mjigo wakalewo unafa ndi chiyani? Mawu oti "unafa" amabisa zinthu zambiri. Mwina madzi anaphwa pansi. Mwina madzi alipo koma ndi amchere kapena adzimbiri, anthu anangowanyanyala. Koma kawirikawiri madzi amakhala ali phee pansipo, chimene chatha ndi kalabala kochepa kukwana m'dzanja.

Mijigo yambiri m'midzi ya kuno ndi ya mtundu wa Afridev, imene imakoka madzi mpaka mamita 45. Anaipanga mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula okha ndi sipanala imodzi, n'kusolola marodi, zitsulo zazitali zotsikira m'dzenje, popanda kuitana galimoto ya ku boma. Zimene zimatha msanga ndi malabala ndi mabushi apulasitiki a pa chogwirira, ndipo zimafunika kusintha chaka ndi chaka. Zikapanda kusinthidwa, chogwirira chimayamba kugwedera, marodi amakhula mapaipi mpaka kuwaboola, ndipo vuto la ndalama zochepa limasanduka la ndalama zambiri. Mjigo wabwinobwino umadzaza ndowa ya malita 20 ukapopa pafupifupi ka 45 kapena 50. Amayi akayamba kudandaula kuti m'mawa amapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke, ndiye kuti wayamba kale kudwala.

Choncho tumani munthu apite ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya Neno akapemphe mlangizi wa zamadzi kapena makaniko wa m'deralo kuti akaumasule n'kuyeza madzi amene ali m'dzenjemo. Ngati dzenje lili bwino, kugula mpope wonse watsopano, mapaipi ndi marodi, n'kuwakanso simenti ya pamwamba, kumadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kuitana makina okumbira. Marodi gulani osachita dzimbiri, angakhale ndi odula. Ndikudziwa kuti kukonza chakale sikukoma pa chithunzi cha pa WhatsApp ngati madzi akuthovoka m'makina ana akukuwa, koma amayi anu akufuna madzi, osati chithunzi.

Tsono tiyerekeze kuti dzenjelo linaumadi, kapena mudzi wakula. Mlingo wa boma ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Ngati mwapitirira pamenepo, kumbani wina, koma apa mpamene ndalama za anthu a kunja zimathera m'matope.

Kumbani m'chilimwe, Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, madzi apansi atatsikiratu. Mjigo wokumbidwa mu Febuluwale umanyenga: amapeza madzi pafupi, aliyense n'kuomba m'manja, kufika Seputembala uli gwaa. Ndiponso misewu ya kwanuko nthawi ya mvula mukuidziwa, galimoto yonyamula makina ingatitimire isanafike n'komwe. Wokumbayo akhale wolembetsedwa ku National Water Resources Authority, bungwe limene linabwera ndi lamulo la zamadzi la 2013, ndipo chilolezo chokumbira chimatengedwanso komweko. Malo asasankhidwe poona kuti pakhomo pa amfumu ndi pati. Abwere woyeza ndi makina ake, ndipo malowo atalikirane ndi zimbudzi, makola ndi manda mamita osachepera 30, komanso asakhale kumunsi kwa zimenezi.

Pa mgwirizano chenjerani ndi mawu okoma aja oti "tikapanda kupeza madzi simulipira". Amamveka ngati akukutetezani, koma amachititsa wokumba kuthamangira kudambo kumene madzi ali pafupi, n'kuleka kukumba akangoona chinyezi. Lembani kuti ndalama yomaliza idzaperekedwa akapopa madzi kwa maola angapo pamaso pa mlangizi wa khonsolo, akakupatsani pepala loonetsa kuya kwa dzenje ndi mapaipi amene alowamo, komanso madziwo akayezedwa ku labotale. Kuyezaku si mwambo chabe. Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mijigo ya madzi amchere imene anthu amangochapira, ndipo kumadera ngati Nathenje madzi ena apansi ali ndi fluoride wambiri amene amathimbiriritsa ana mano. Pamalopo pakhale munthu wanu wowerenga mapaipi akamalowa, chifukwa zimene zakwiriridwa pansi palibe adzazionenso.

Za sola, anzanuwo sakulakwa. Mpope wa sola umakweza madzi m'thanki, madziwo n'kutsikira okha m'mipopi ingapo, agogo osavutikanso ndi kupopa, mwinanso sukulu n'kupeza mpopi wake. Koma walira mvula walira matope. Sola imafuna dzenje la madzi ambiri kuposa la mjigo wamanja. Mapanelo amakopa akuba, ndiye pafunika mpanda ndi mlonda wolipidwa. Mpope wapansiwo ukapsa, palibe wa m'mudzi angaukonze ndi sipanala, mpaka munthu achokere ku Blantyre. Zipangizo zake n'zochokera kunja, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Ine maganizo anga ndi akuti mudzi umene unalephera kugula labala usayambire pa sola. Uyambe waonetsa kuti ungasamale mjigo wamanja kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ngati mukukumba watsopano, uzani wokumbayo ayeze bwino kuchuluka kwa madzi kuti mudziwe ngati dzenjelo lingadzalandire sola m'tsogolo.

Pali njira ina imene simunaitchule. Ngati mudzi wanu uli kumtunda, kumapiri, ndipo pamwamba pake pali kasupe wosaphwa, funsani za madzi oyenda okha m'mapaipi. Njira imeneyi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje ndi Phalombe, anthu akukumba okha ngalande boma n'kupereka mapaipi. Sifuna dizilo kapena magetsi. Imangofuna kuti mitengo ya kumene kukuchokera madziko isathe, zimene masiku ano a makala si nkhani yaing'ono.

Tibwere ku funso limene ndikuona kuti ndi lalikulu, la kwa amfumu. Amfumu musawadumphe. Malo ndi awo, ndipo ndi iwo angamemeze anthu kututa mchenga, miyala ndi njerwa. Koma ndalama zisakhale m'thumba la munthu mmodzi, kaya ndi amfumu, kaya ndi akhansala, kaya ndi malume anu. Sikuti ndikuwaganizira zoipa, koma kumudzi maliro ndi matenda sizitha, ndipo wosunga ndalama za gulu amabwerekedwa mpaka zitatha. Lipirani wokumba kapena wogulitsa zipangizo mwachindunji, gawo ndi gawo, ntchito ikamaoneka.

Kenako funsani kuti komiti ya mjigo wakale inapita kuti. Mjigo uliwonse umayenera kukhala ndi komiti yake, nthawi zambiri ya anthu 10, amayi akhale ochuluka popeza ndi amene amadziwa ukayamba kuvuta. Ngati inabalalika, patulani ndalama zoti a khonsolo adzaphunzitse ina, ndi kuigulira masipanala ndi masipeya oyambira. Khomo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi, kapena chimanga nthawi yokolola komiti n'kugulitsa, okalamba ndi odwala n'kuwakhululukira poyera pamsonkhano. Midzi ina imazunguza ndalama za mjigo ngati za banki m'khonde kuti zizibereka, ndipo nzeru imeneyi ndimaikonda, bola pakhale gawo losabwereketsa. Chimene ndingakuletseni n'kulonjeza kuti inu a ku Johannesburg muzikonza chilichonse chikaonongeka. Mukatero mjigowo udzatchedwa "wa anyamata aja", ndipo tsiku limene ntchito idzakuthereni, nawonso udzaima.

Musaiwalenso alangizi a zaumoyo. Madzi amatuluka oyera pa mjigo n'kukaipira m'ndowa yosavundikira kunyumba. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye klorini ndi zimbudzi zilowe nawo m'nkhani imene mukakambirane.

Pomaliza, kauzeni a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, VDC ndi ADC, kuti mjigowo ulembedwe m'kaundula wa khonsolo. Zimenezi zimathandiza kuti alangizi aziuyendera, komanso mungapeze kuti mudzi wanu uli kale pa mndandanda wa mijigo ya ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, chaka chino. Zikakhala choncho, zanuzo mukhoza kukonzera wakale uja, mudzi n'kukhala ndi iwiri. Makaniko akakaumasula, ndilembereninso mundiuze kuti madzi awapeza pa mamita angati, tidzaone limodzi ngati mtengo umene akutchulireni uli woona.